Kumene Atate Anati Ayang'ane

Chaka cha 2019 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Achimwene anga a Lazaro anali ndi makumi asanu ndi awiri ndi zisanu. Chaka chimenecho ndinawaperekeza ku Zimbabwe kukaona nyumba za miyala. Ulendowo sindinaufune. Ndinapita chifukwa panalibe wina wowagwira dzanja.

Ine ndine Tomasi, womanga nyumba. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi ndipo sindichita nazo manyazi. Makoma amene ndinamanga ku Mpadue ndi ku Chingodzi, madera a mumzinda wa Tete, ali chiimire mpaka lero. Kwathu ndi ku Domwe, ku Angonia, koma tonse awiri tinachokako tili anyamata. Ine ndinabwera kuno ku Tete, kumene pantchito timalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Achimwene anakaphunzira kusoka ku Ulongwe, pa sitolo ya Mpwitikizi wina. Chinyanja cha anthu akale tinachisiya kumudzi.

Nthawi ya nkhondo achimwene anathawira ku Malawi pamodzi ndi atate, nakakhala mumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Lizulu. Amayi anali atamwalira kale. Atate anafera komweko mu 1988. Ine ndinali kuno, misewu itatsekeka, ndipo uthenga unandipeza patapita miyezi. Pamphasa ya atate panali achimwene okha. Iwo anati mawu otsiriza anali akuti, "Undigoneke ndiyang'ane ku Zimbabwe, kumene tinachokera." Kwathu munthu amaikidwa nkhope itayang'ana kumene anachokera. Achimwene anapita kwa mphunzitsi wina, iye anawajambulira maiko pansi ndi kamtengo, ndipo atate anagonekedwa atayang'ana kumwera.

Mtendere utabwera, achimwene anafika ku Mpadue ndi alamu anga a Rozina, makina osokera ali pamutu. Anabweranso ndi nkhani. Poyamba inali yaing'ono: ife tinachokera ku Zimbabwe. Kenako anamva pa wailesi kuti kumeneko kuli makoma a miyala omangidwa popanda matope, ndipo nkhani ija inayamba kunenepa. Anati anamanga makomawo ndi anthu a ku Israeli, otumidwa ndi mfumu ina ya Ayuda kudzakumba golide. Anati anabwera pa zombo mpaka ku Sofala, ena sanabwererenso, anakwatira komweko, ndipo mzinda utagwa zidzukulu zawo zinawoloka Zambezi. Zidzukuluzo ndi ife.

"Nanga n'chifukwa chiyani atate sankadya nkhumba?" ankandifunsa.

"Inkawatulutsa zidzolo."

"Nanga luso la m'manjali? Iwe kumanga, ine kusoka?"

"Njala, achimwene."

"Iwe Tomasi, mutu wako ndi njerwa."

Anthu a pa bairu, dera lathu la mumzinda, ankawatcha a Lazaro Myuda. Iwo ankalikonda dzinalo. Munthu akabwera kudzasoketsa buluku, ankabwerera ndi buluku pamodzi ndi zombo za ku Sofala.

Chaka chija miyendo yawo inatupa ndipo mpweya unkawathera akangoyenda pang'ono. Kuchipatala anati ndi mtima, apume. Tsiku lina m'mawa alamu anafika kwanga asanasambe n'komwe kumaso.

"Alamu, agulitsa makina. Akuti akupita."

Ndinakawapeza atakhala pakhonde, pamalo pamene makinawo ankakhala. Pasimenti panatsala zipsera zinayi za miyendo yake.

"Mukufuna kukafera m'njira?" ndinawafunsa.

"Ndikufuna ndikaone kumene ndidzayang'ane. Munthu sangayang'ane mpaka kalekale malo amene sanawaonepo."

"Mudzakhala mutatseka maso."

"Ukapanda kupita ndipita ndekha."

Ndinabwerera kunyumba kukafuna pasipoti yanga.

Tinanyamuka mwezi wa Otuburu, nthawi imene miyala ya ku Tete imaotcha ngakhale wovala nsapato. Achimwene anavala suti yakuda yosoka okha ndi chipewa chawo chakutchalitchi. Pa paraje, pokwerera magalimoto, tinapeza chapa, minibasi ya ku Changara, ili ndi anthu atatu. Kobradori, amene amatolera ndalama, analumbira kuti tinyamuka pompano. Tinanyamuka dzuwa litakwera, mpando wa anthu atatu utakhala anthu asanu. Ndinalipira mipando itatu kuti achimwene atambasule miyendo. Sipanapite nthawi kobradori anaikapo thumba la nsomba zouma. Ndinamuyang'ana. Analichotsa.

Titangowoloka mlatho wa Mazoe tayala linaphulika. Lapadera linali lopanda mpweya. Motorista, woyendetsa minibasiyo, analikweza pa lole yodutsa napita nalo ku Changara, ife tinatsala pansi pa mlambe wopanda masamba. Mthunzi wake unali wa nthambi zokha. Tinkasuntha nawo ngati nkhuku.

Achimwene sakanatha kuona anthu atakhala chete. Anayamba ndi zombo, anafika pa golide. Pagulupo panali a Isufo, Msilamu woyendetsa malole a malasha ku Moatize. Anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Madala, zombo mwanena zoona, koma eni zombo mwalakwitsa. Anali Aluya. Myuda anayamba liti kuyendetsa chombo?"

"Aluya anabwera mochedwa, kudzagula minyanga."

"Nonse mwaphonya," anatero mnyamata wina akukweza foni yake. "Pano akunena kuti anali anthu ochokera ku nyenyezi."

Mayi mwini nsomba zija anali akudzikupiza ndi chitenje. "Anali Matchaina. Mukaona chinthu chachikulu chamangidwa, musavutike kufunsa."

Anthu anaseka, achimwene nawonso anaseka mpaka kutsokomola. Mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu bambo okwiyanu, mukuti anamanga ndani?"

"Khoma sindiliweruza ndisanaligwire."

"Mng'ono wangayu amakhulupirira zimene wazimenya ndi nyundo basi," anatero achimwene.

Tayala linabwera dzuwa litapendeka. Tinagona ku Changara m'kachipinda kotentha ngati uvuni wa njerwa. Achimwene anagona chokhala, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa.

Kutacha tinakwera chapa china mpaka ku Cuchamano, pamalire. Mzere unali wautali, malole ali mbali zonse. Ndinawakhazika pa katundu wathu, ine n'kuima pamzere ndi mapasipoti awiri. Titafika pawindo, wa yunifolomu anafunsa chimene tikukachita ku Zimbabwe.

"Ndikupita kwathu," anatero achimwene.

Munthuyo anayang'ana pasipoti. "Pano palembedwa Angonia, papa."

"Pepala limadziwa za dzulo zokha."

Anamwetulira n'kumenya chidindo. Titawolokera ku Nyamapanda m'pamene achimwene anagwira pamutu. Chipewa chinali chitatsala m'chapa, ndipo chapacho chinali chitabwerera. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kumbuyo. Ndinawamangira mpango wanga kumutu. Anati akuoneka ngati mayi wopita kumunda. Ndinati palibe amene akuwadziwa.

Ku Nyamapanda tinakwera basi yaikulu ya ku Harare. Chaka chimenecho mafuta ankavuta m'dzikomo. Titafika ku Mutoko basi inalowa pamzere wa dizilo, ndipo mzerewo sunkayenda. Anthu anatsika. Ena anagula chimanga chootcha, ena anagona pansi pa basi. Ndinawagoneka achimwene pa benchi ya sitolo ina, mutu pa chikwama, ndipo anatseka maso.

Pa benchi yomweyo panakhala mkulu wina wa mano awiri. Anamva ndikung'ung'udza m'Chinyanja ndipo anandipatsa moni. Anati ndi a Kamwendo, kwawo ndi kumapiri a ku Dedza, koma anagwira ntchito m'minda ya fodya ya ku Zimbabwe kuyambira ali mnyamata. Ankachokera kumaliro a mlongo wawo. Chinyanja chawo chinali cha kale, chonga cha atate. Anachinyamula ali mwana n'kuchisunga osachisakaniza.

Chakumadzulo kunayamba kuda. Ndinati mwina mvula itipeza pamzere pomwepa.

"Iyayi," anatero a Kamwendo. "Imeneyo ikuchokera kuzambwe. Ya kuzambwe imangoopseza."

"Ku Zimbabwe tafikamo kale. Mukuti ikuchokera kuti?"

Anaseka mano awiri aja ali panja. "Sindinati Zimbabwe, bambo. Ndati kuzambwe. Kolowera dzuwa. Uku ndi kuvuma, kotulukira dzuwa, uku ndi kuzambwe. Kodi ku Tete mumalankhula chiyani?"

Ndinafunsa kuti munthu ataima pa Lizulu, kuzambwe kuli chiyani.

"Pa Lizulu? Ukangodumpha msewu ndiye kuti uli kwanu ku Mozambiki. Kutsogolo kwake phiri la Domwe."

Ndinayang'ana achimwene. Maso anali otseka, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ndinasintha nkhani, ndinafunsa a Kamwendo za mtengo wa fodya. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti mawu amenewo ndifa nawo. Munthu wagulitsa makina ake, watsala ndi nkhani imodzi. Sindikanamulanda.

Dizilo anapezeka. Ku Harare tinafika mochedwa ndipo tinagona pa depoti ya Mbare, chikwama ndikuchikumbatira. A Kamwendo tinasiyana nawo pomwepo. M'mawa wake tinakwera basi ya ku Masvingo. Inaima ku Chivhu kuti anthu adye, inaimanso ku Mvuma chifukwa injini inatentha. Pafupi ndi achimwene panakhala mphunzitsi wina wachisangalalo amene anafunsa kumene tikupita ndi chifukwa chake. Ndinayembekezera zombo. Achimwene anangoti, "Kukaona miyala." Ndinaganiza kuti ndi kutopa.

Kuchokera ku Masvingo tinakwera kagalimoto kakang'ono mpaka pachipata cha nyumba za miyala zija. Makoma ena ali paphiri, koma kumeneko achimwene sakanatha kukwera. Tinapita ku khoma lalikulu la m'chigwa, pang'onopang'ono, iwo atakoleka dzanja paphewa langa. Mayi wotsogolera alendo ankafotokoza m'Chishona, ndipo wodziwa Chinyungwe amatolako ndithu. Anati anamanga ndi makolo a anthu a dera lomwelo. Anati m'nthaka munapezeka mikanda ndi zidutswa za mbale zochokera kutsidya la nyanja, zobwera ndi malonda. Anatinso azungu oyamba kufika anakana kuti munthu wakuda angamange zotere, n'chifukwa chake anayamba kutchula mitundu yakutali.

Ku Mpadue munthu akanena zimenezo achimwene akanaimirira. Apa anangogwedeza mutu.

Alendo ena atapitirira, ndinaligwira khomalo. Pansi ndi lotambalala, pamwamba limanka licheperako. Miyala ndi ya pomwepo, yosweka mwaukhondo, yogonekedwa umodzi pamwamba pa iwiri. Palibe matope, palibe simenti. Ndinayesa kulowetsa chala, chinakana. Ndamanga zaka makumi asanu ndipo sindingayerekeze. Ndinavula kapu yanga.

Achimwene anali atakhala pansi, msana atatsamira khoma.

"Wagwira. Weruza tsopano."

"Ndi ntchito yabwino."

"Ya ndani?"

"Ya anthu odziwa miyala ya kwawo."

Kenako anati, "Ndinamva, Tomasi. Pa Mutoko paja. Sindinagone."

"Mkulu uja ndi wokalamba. Mwina amasokoneza mawu."

"Usandinamize. Bodza sunaliphunzirepo, ukuchita moipa." Anapuma kaye. "Atate sanati Zimbabwe. Ndikuwamva ngakhale pano. Anati kuzambwe. Ine ndinayesa kuti lilime lalemera ndi imfa, likumeza mawu. Ndinawakonzera."

Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Pakhomo pa kanyumba kathu ku Lizulu phiri la Domwe linkaoneka. Madzulo alionse ankatulutsa mpando n'kukhala akuliyang'ana. Ankangofuna kuyang'ana kumunda kwawo, Tomasi. Ine ndinawatembenuzira kuno, kwa anthu osawadziwa. Zaka makumi atatu akuyang'ana khoma la eni ake."

"Munali nokha. Panalibe wofunsa."

"Analipo. Msasa wonse unali wa anthu a kwathu. Ndikanangobwereza mawuwo monga anatulukira, nkhalamba iliyonse ikanandilozera ndi chala. Koma ndinakonda Zimbabwe. Munthu wothawa nkhondo, wodya ufa wopatsidwa pamzere, akamva kuti makolo ake anamanga mzinda, amagwira ndi manja awiri."

"Bwanji simunanene pa Mutoko kuti tibwerere?"

"Makina ndinali nditagulitsa kale." Anayesa kuseka, chifuwa chinawakaniza. Anasisita mwala umene unali pafupi ndi tsaya lawo. "Komanso ndi okongola. Si athu, koma ndi okongola."

Tinakhala pamenepo mpaka mlonda anabwera kudzatiuza kuti akutseka. Podzuka anandigwira mkono mwamphamvu.

"Sitikaima ku Tete. Tikapitirire ku Lizulu. Ndikawauze atate kuti ndinalakwitsa."

"Mukapume kaye kunyumba."

"Ndikalephera ine, upite iwe. Ndipo ine usandiyang'anitse kuno."

Ndinavomera.

Za pobwerera ndilibe zambiri. Ku Harare anakana kudya. Ku Mutoko basi sinaime. Pamalire ndinawanyamula kumsana kuchokera ku Nyamapanda mpaka ku Cuchamano, ndipo anali opepuka kuposa thumba la simenti. Anafunsa makobradori onse ngati anaona chipewa chakuda. Palibe anachiona.

Ku Changara tinakwera chapa cha ku Tete masana. Anakhala kuwindo, mutu atatsamira paphewa langa. Anandifunsa ngati kuchokera ku Tete, Domwe ali kuzambwe. Ndinati ayi, ali kumpoto. Anati, "Ona, ndikanalakwitsanso." Tisanafike pa mlatho wa Mazoe ndinamva mutu wawo walemera. Ndinaika dzanja pachifuwa pawo. Panali zii.

Sindinauze munthu. Ndikananena, akazi akanayamba kulira, motorista akanaima, ndipo akanatitsitsa pathengo kudikira apolisi padzuwa limene lija. Ndinawakokera mpango uja kumaso n'kuwagwira m'chiuno kuti asagwe pa mabampu. Kobradori anatambasula dzanja.

"Madalawa agona?"

"Agona."

"Awiri?"

"Awiri."

Ndinalipira. Wailesi inkaimba, mwana wina kumbuyo ankalirira bisiketi. Ndinawagwira choncho mpaka titalowa mumzinda. Pa paraje, anthu onse atatsika, m'pamene ndinamuuza motorista. Anavula kapu yake ndipo anatipititsa yekha kuchipatala osafunsa kanthu.

Manda a mumzinda amakumbidwa m'mizere. Palibe amene amakufunsa kumene unachokera. Choncho tisanatseke bokosi ndinawerengera mmene lidzagonere m'dzenje, ndipo ndinatembenuza nkhope ya achimwene ndi manja anga, n'kuika kansalu pansi pa tsaya kuti isabwerere. Alamu anali ataima pambali panga.

"Alamu, mwalakwitsa. Ku Zimbabwe ndi uku."

"Anasintha maganizo."

"A Lazaro? Kusintha maganizo?"

"Anati ayang'ane kumudzi."

Zonse ndinawauza pambuyo pake, maliro atatha. Anthu a pa bairu sindinawauze. Ena amanditsatabe kufunsa ngati tinapeza umboni. Ndimati tinapeza miyala.

Mvula itatha ndinapita ku Lizulu ndekha. Pamene panali msasa pali minda ya mbatata ya kachewere. Ndinafunsa za manda a anthu othawa nkhondo. Wina analoza kumtunda, wina kumunsi kwa mtsinje, wina anati anabadwa zimenezo zitatha. Ndinayenda m'mizere ya mbatata mpaka miyendo inakana. Ndiye ndinaima pakati pa munda wa munthu amene sindikumudziwa, ndinavula kapu, ndinanena zimene ndinatumidwa. Nditakweza maso, dzuwa linali likulowa kuseri kwa Domwe. Phirilo lili pafupi. Mwana angalilozere.

Ulendo umenewu unadya makina osokera amene anapulumuka nkhondo. Unadya chipewa chakuda. Unadya nkhani imene inkadzaza khonde la achimwene ndi anthu, ndipo ngakhale ndinkaitsutsa, madzulo ndimaisowa. Unadya achimwene anga a Lazaro, amene ndinatsala nawo okha mwa obadwa m'mimba imodzi. Manda a atate anali atatayika kale, ine ndinangokatsimikiza. Kulikonse kumene ali, atate akuyang'anabe kumwera.

Ndinabwerako ndi mawu amodzi, kuzambwe, ndipo palibe wowagwiritsa naye ntchito.